Tsiku Limene Adotora Anaitana Msuweni Wanga

Amene anandiwononga ine ndi adotora a tulo aja, mayi wa magalasi wa ku Maputo uja. Osati msuweni wanga ayi. Msuweni wanga ndi chitsiru, anabadwa chitsiru, ndipo adzaikidwa m'manda ali chitsiru, zimenezo tonse timazidziwa. Koma adotora aja ndi ophunzira. Anandiuza okha kuti imvi zawo zonse zinamerera pa ntchito imodzi, yofufuza tulo ta anthu. Munthu woteroyo angalephere kumva mawu amodzi okha? Ndinawauza kuti, musamuitane. Ndinanena m'Chipwitikizi, ndinabwereza m'Chinyanja. Anagwedeza mutu kuvomera. M'mawa mwake anatumiza galimoto kukamutenga.

Lero mwana wa mlongo wanga ali pafupi kukwatiwa, chinkhoswe chikubwera fodya akangotha kugulitsidwa, ndipo ine malume wake, mwini mbumba, andiuza kuti tsikulo ndikhale kunyumba. Nkhuku ya chinkhoswe adzagwira wina. Nkhani yake ndi imeneyo.

Ndiyambe ndanena matenda anga, poti palibenso chobisa, ngakhale mbuzi za kwathu ku Ngauma zikudziwa.

Ndili ndi zinthu ziwiri. Choyamba ndi tulo. Timandigwera masana, dzuwa lili pamutu, ndili pakati pa ntchito kapena pakati pa mawu. Sitiodira. M'maso mumangolemera ngati wina wathiramo mchenga, basi ndapita. Pakapita kanthawi ndadzuka, mutu uli mbee. Chachiwiri ndi maondo. Ndikaseka, kuseka kwenikweni kochokera m'mimba, maondo amasungunuka, khosi limagwa, chibwano chimalendewera, ndimakhuthuka pansi ngati thumba lopanda kanthu. Ndikapsa mtima kwambiri, chimodzimodzi. Ndipo mumvetse apa: sindikomoka. Ndili pansipo ndimamva zonse. Ndimamva amene akuseka, ndimazindikira mawu a aliyense, ndimamva fumbi likulowa m'kamwa. Thupi lokha ndi limene limakana. Ngakhale chala sichigwedezeka. Umakhala ngati akutsekera m'nyumba yako yomwe, iwe ukuonera pawindo.

Tulo tinayamba tili ku Malawi, kumsasa wa othawa nkhondo. Aphunzitsi ankandidzutsa ndi chikwapu, nkumati ndine mlesi. Ndinapirira makalasi ochepa, ndinadziwa kulemba ndi kuwerenga, ndinachoka. Maondo anayamba titabwerera kwathu ku Ngauma nkhondo itatha, ndevu zikungoyamba kumera. Tinkapachika fodya m'chigafa, wina kunja ananena zoseketsa, ine ndinapezeka ndili pansi, masamba a fodya kumaso. Panalibe amene anaona. Nditadzuka ndinati ndapunthwa.

Kuyambira tsiku limenelo ndinaphunzira kusaseka. Musaganize kuti ndi chinthu chapafupi. Ndinkaluma tsaya mkati mpaka magazi. Ndinkayang'ana zala zakumapazi. Ndinkakumbukira tsiku limene tinaika mayi anga. Pagulu ndinali woyamba kukhala pansi, ndipo ndinkasankha pokhala khoma kapena mtengo kumsana. Ntchito ndinasankha yoyenda ndekha: kukatenga nsomba zouma kunyanja ya Amaramba pa njinga, nkukagulitsa pamsika wa Mandimba. Panjira ndinkadziwa mitengo yanga. Mchenga ukayamba m'maso, ndinkatsika, kuyedzamiritsa njinga, chipewa kumaso. Odutsa ankati, bambo uja amadziwa kusamala thupi.

Amene ankadziwa ndi mkazi wanga yekha. Anandiona ndikugwa chaka choyamba cha ukwati wathu, chifukwa iye ndi amene anandiseketsa. Sanathawe, sanakauze amake. Anangokhala pansi pambali panga mpaka mphamvu zinabwerera, nkundifunsa kuti, "Zimakupwetekani, bambo?" Ndinati ayi. Anati, "Ndiye ndi zathu." Kuyambira pamenepo akaona khosi langa likuyamba kulemera pa anthu, ankaimirira kutsogolo kwanga nkutambasula kapulana, chitenje chake, ngati akumanga bwino m'chiuno. Kapulana ameneyo wandibisa zaka zambiri.

Ndipo kusasekako kunandipatsa ulemu. Anthu ankati ndine munthu wolemera mtima. Malume athu atamwalira, alongo anga sanavutike kusankha, anati mwini mbumba ndi achimwene. Ana awo akafuna kukwatira kapena kukwatiwa ankabwera kwa ine. Mabanja akayambana ankabwera kwa ine. Ndinkakhala pa mpando wanga, nkhope ili gwa, ndikumvetsera. Nthawi zina tulo tinkandiba pang'ono pakati pa mlandu, iwo nkumati akuganiza mozama. Sindinanamize munthu. Milandu ndinkaweruza bwino, mukafunse.

Munthu mmodzi yekha ndinkamuopa: msuweni wanga, mwana wa azakhali anga. Amasoka nsapato pakhonde la sitolo ina ku Mandimba, pafupi ndi malire. Kwathu msuweni ali ndi ufulu wokutukwana pamaso pa apongozi ako, kukulanda chipewa, kukugwirira nkhuku pabwalo pako, ndipo iwe ukakwiya, wolakwa ndiwe. Ndi mwambo, tinaupeza. Ndiye wangayu Mulungu anamupatsa pakamwa poopsa. Amatha kutsokomola ngati abambo a kutchalitchi kwathu, amatha kuyenda ngati wapolisi wa pamalire amene nsapato zikumuthina. Ndipo iye saseka, nkhope imakhala ngati ali pamaliro. Zaka zonsezi ndinkakumana naye nditakhala pansi, msana kukhoma, tsaya m'mano. Ankati, "Iwe kapolo wanga, mano ako unakongoza kwa ndani? Tiwaoneko." Ine mano osaonetsa. Ankachoka akudandaula kuti m'chigawo chonse cha Niassa munthu mmodzi yekha wamukanika.

Adotora aja ndinakumana nawo chifukwa cha dzino. Ndinapita kukazulitsa dzino ku Mandimba, ndipo ndili pamzere ndinagona chiimire, nditatsamira chipilala. Mayi wina wa magalasi anaima nkumandiyang'ana. Nditadzuka anandifunsa m'Chipwitikizi chapang'onopang'ono, chimene ngakhale ine wa pamsika ndimamva, ngati zimenezi zimandichitikira kawirikawiri. Ndinati ndatopa chabe. Anafunsanso, chapansipansi, kuti ena asamve:

"Nanga mukaseka, maondo anu amatani?"

 Palibe munthu anandifunsapo funso limenelo. Ndinaganiza kuti mwina ndi sing'anga.

Anati akuyenda m'maboma a kuno kufuna anthu amene tulo tawo tinasokonekera, ndipo abwereka nyumba ku Cuamba m'mene aikamo makina awo. Anati ndikapite masiku ochepa. Mkazi wanga ndi amene anandikankha. Anati, "Bambo, mwina kuli mankhwala. Mwina mudzasekako ndi adzukulu anu." Mawu amenewo ndi amene anandikweza chapa, minibasi ya ku Cuamba. Kumudzi tinati ndapita kukaona mitengo ya nsomba.

Nyumba ija inali chakufupi ndi njanji, komboyo, sitima ya pamtunda, ikamadutsa mawindo ankanjenjemera. Munali anthu enanso. Mnyamata wina ankamva mawu omuyankhula m'mutu, anabwera naye bambo ake. Mayi wina sankagona konse chimwalirire mwana wake, ankangoyenda pakhonde uku ndi uku. Anthu a m'deralo ankaitcha nyumba ya amisala. Ndinamva, koma ndinati Cuamba ndi kutali, andidziwa ndani.

Anandimata timawaya m'mutu ndi zomatira zonunkha, ena pachibwano, ena pafupi ndi maso, nkundiveka kachipewa ka ukonde pamwamba pake. Mawaya onse ankathera m'kabokosi. Masana ankatseka makatani nkundiuza kuti ndigone. Ine kugona masana? Asanafike pakhomo ndapita kale. Ankandidzutsa, kundisiya kanthawi, kundigonekanso. Pakati pake ankandipatsa timasewera: kukumbukira zithunzi, kubwereza mawu chobwerera m'mbuyo, kudina batani nyali ikayaka. Ankalemba, akumwetulira.

Ndisaname, masiku oyamba aja anali abwino. Adotora ankakhala nane pakhonde nkumandifotokozera. Anati anayamba ndi makoswe, ali mtsikana, kudziko lozizira, kuwaletsa kugona nkumaona mmene akuiwalira njira. Kenako anthu amisala, kufufuza chifukwa chake tulo timayamba kuwonongeka mutu usanasokonekere. Anati kuli agalu ena amene akaona chakudya chokoma amagwa ngati ine. Anati munthu aliyense akamalota, ubongo umamasula thupi lake kuti asadzuke nkuyamba kuthamanga zimene akulotazo, ndipo kwa ine chomasulacho chimalakwitsa nthawi, chimabwera masana, ndikaseka kapena ndikakwiya. Anati si khunyu, si misala, si ufiti, sizipatsirana pogwirana kapena podyera mbale imodzi. Anandionetsa mizere pa makina awo, nkunena kuti:

"Mutu wanu ndi wabwino, bambo. Pa masewera aja mwaposa anthu ambiri. Nzeru zanu zili zonse."

Ndinatuluka kuseri kwa nyumba, ndinakhala pansi, ndinalira. Ndili ndi imvi, ndipo kanali koyamba kumva kuti chinthu changachi chili ndi dzina, ndipo kuli anthu ena padziko amene ali nacho.

Koma mawu aja anandiuza tili awiri, pakhonde, komboyo ikudutsa. Palibe wina anamva. Gwirani pamenepo.

Kenako anati chatsala chimodzi: akufuna aone kugwako ndi maso awo, mawaya ali m'mutu, kamera ikujambula. Anati chithunzicho adzaonera madotolo anzawo okha, kutali. Ndinavomera. Anandionetsa makanema oseketsa pa foni, azungu akugwa pa njinga, mphaka akuthawa nkhaka. Ine gwa. Munthu amene wakhala akuluma tsaya moyo wake wonse angaseke mphaka? Anaitana woyendetsa galimoto wawo kuti anene nthabwala. Ndinamumvera chisoni. Adotora anayamba kuyenda uku ndi uku, akuyang'ana mawaya. Ndinaona kuti masiku awo okhala ku Cuamba akutha. Anati afufuza m'dziko muno nthawi yaitali osapeza munthu amene matendawa akuonekera bwino chonchi.

Ndiye anandifunsa kuti kwathu amene amaseketsa kwambiri ndani. Ndinayankha chilungamo, poti ndinali nditawakhulupirira. Ndinati msuweni wanga wosoka nsapato ku Mandimba, pafupi ndi malire. Nditangotero ndinaona maso awo akuwala. Ndinati, "Koma musamuitane. Aliyense, koma osati iyeyo." Anafunsa chifukwa. Ndinati ndi msuweni. Anati, "Ndiye ndi m'bale wanu, adzakusungirani chinsinsi." Ndinati simukumva, kwathu msuweni si m'bale wotero. Ndinabwereza. Anandigwira phewa nkunena kuti chabwino.

Tsiku lotsatira, masana, anandiimiritsa pakati pa chipinda, matiresi ali kumbuyo kwanga, mawaya ali lendelende, kachipewa ka ukonde kumutu. Anati akungoyesa kamera. Chitseko chinatseguka. Analowa msuweni wanga.

Anaima. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nkutsatira mawaya ndi maso mpaka pa kabokosi. Anavula chipewa. Anagwada bwinobwino ngati ali pamaso pa apongozi, nkutulutsa kafoni kake kong'ambika, komangidwa ndi mphira.

"Pepani mayi," anatero, nkhope ili ngati pamaliro. "Ndamva kuti pano akutchaja mafoni. Yangayi yatha moto. Ndilumikize khutu liti?"

Ndinaluma tsaya. Ndinayang'ana zala. Ndinaitana maliro a mayi anga. Koma ndinali chiimire, kopanda khoma, kopanda kapulana.

Anatembenukira kwa ine. "Iwe kapolo wanga, kani m'mutu mwakomo muli magetsi? Mudzi wonse tikuwunikira ndi udzu, iwe ukubisa?"

Chinatuluka. Kuseka kwa zaka zonse zija kunatuluka kamodzi, ngati mbuzi ikutsamwa. Maondo anapita. Ndinagwera pamatiresi, pakamwa yasaa, malovu akutsika.

Ndipo ndinamva zonse. Ndinamva adotora akuwomba m'manja kamodzi, nkunena m'chiyankhulo chawo kuti zatheka bwino kwambiri. Ndinamva msuweni wanga akukuwa, "Mayo! Ndamupha! Achimwene! Achimwene, dzukani!" Moyo wake wonse anali asanandiitanepo achimwene. Ankandigwedeza. Akanamusiya choncho, akanabwerera ku Mandimba ali ndi mantha, sakanatsegula pakamwa mpaka lero. Koma adotora anamugwira dzanja.

"Musaope," anatero. "Sizimupweteka. Adzuka pompano. Ndi kuseka chabe kumene kumamugwetsa."

 Kenako ndinamva mawu a msuweni wanga atasintha.

"Kuseka chabe?"

"Inde."

"Ndiye kuti ndikangomuseketsa, basi?"

"Basi. Nthawi iliyonse."

Ine ndili pansi, ndikukuwa mkati kuti khalani chete, mayi inu, khalani chete! Lilime lili ngati nsomba yakufa.

Nditadzuka ndinafunsa adotora chifukwa chake achita zimenezi. Anati akanandiuza ndikanakonzekera, ndipo sizikanatheka. Anati ndawathandiza kwambiri, ndathandiza anthu ambiri amene sindidzawaona. Za mankhwala anati alipo, koma kuno sapezeka, ayesa. Anandichotsa mawaya, anandipatsa sopo wochotsera zomatira. Ine ndi msuweni wanga tinakwera galimoto imodzi kubwerera.  Njira yonse ya ku Mandimba ankangondiyang'ana chammbali, milomo ikugwedera.

Anapirira mpaka tsiku la msika. Ndinali nditaimirira, ndikumasula dengu la nsomba pa njinga, amayi ogula atandizungulira. Ndinangomva kumbuyo kwanga, "Pepani bambo, ndilumikize khutu liti?" Ndinagwa pakati pa madengu, njinga pamwamba panga, nsomba mbwee. Amayi anakuwa, ena anathawa poganiza kuti ndi khunyu. Msuweni wanga anakweza manja ngati mlaliki.

"Musaope! Magetsi azima chabe! Abwera pompano! Adotora anena okha, sizimupweteka!"

Msika wonse unaseka. Ndinamva aliyense. Ndinamva mayi amene ndinamukonzera ukwati wake utatsala pang'ono kutha. Ndinamva mkulu wa mpingo wathu.

Nditadzuka ndinamugwira pakhosi pa malaya. Ndinafuna kumumenya, Mulungu ndi mboni. Chibakera chinafika m'mwamba, mkwiyo unafika pachifuwa, maondo anapitanso. Kawiri pamalo amodzi. Apo ndiye anthu anagubuduka. Wina anati, "Azimanso!"

Mukuona mmene anandimangira? Kuseka sindingathe. Kukwiya sindingathe. Munthu akandinyoza ndiyenera kuima ngati chitsa, chifukwa ndikangomuyankha mmene mwamuna amayankhira, ndili pamapazi pake.

Ndinakadandaula kwa akuluakulu a banja. Anamvetsera, ena akubisa pakamwa ndi dzanja. Anati, "Ndi msuweni wako. Ukufuna timuimbe mlandu wa chisuweni? Unayamba wamvapo?" Anatinso, "Ndiponso adotora ananena kuti sizipweteka." Mawu amenewo anafika mpaka ku Itepela ine ndisanafikeko. Ndinapita kumaliro kumeneko, ndipo anyamata okumba manda, amene mwambo umawalola kuchita nthabwala pamaliro, anayamba kuyesana kuti andigwetsa ndani. Mkazi wanga anatambasula kapulana, wina anati, "Mayi, chotsani katani, tikuonera." Kutchalitchi anthu amasiya malo mbali zonse za benchi yanga. Pamsewu anthu amene sindikuwadziwa amakuwa ali pa njinga, "Magetsi alipo lero?"

Ndinasiya kupita kumsika. Nsomba akutenga ndi mkazi wanga pa chapa, ndipo amabwera madzulo miyendo itatupa. Ine ndimakhala mkati mwa mpanda, kusankha fodya, kudyetsa nkhuku. Kale ndinkadzitsekera m'kamwa mokha. Tsopano ndi thupi lonse. Milandu ya mabanja inasiya kubwera. Palibe anandiuza kuti takuchotsani, mpando unangoyamba kuchita fumbi.

Msuweni wanga anabwera kamodzi pakhomo, atanyamula nsapato zanga zimene anandisokera osandiuza. Anaima kunja kwa mpanda. Anati, "Iwe, tuluka. Ndasiya." Ndinati, wasiya iwe, nanga Mandimba yense wasiya?  Anapachika nsapato pampanda nkumapita. Ndikudziwa kuti ndikatuluka, pasanathe mlungu pakamwa pake padzamuyabwa. Sangachitire mwina. Ndi chifukwa chake ndinati musamuitane.

Kenako anabwera mlongo wanga wamkulu, mayi wa mtsikana akukwatiwayo. Anakhala pamphasa, anafunsa za chimanga, anafunsa za mvula, anazungulira mpaka ndinamuuza kuti anene chimene wabwerera.

"Achimwene," anatero, "a kuchimuna aja ndi a ku Cuamba."

"Ndikudziwa."

"Azakhali ake a mnyamatayo amakhala kufupi ndi njanji. Akuti anakuonani pakhonde la nyumba ya amisala, mawaya ali m'mutu."

"Anandiona, inde."

"Akufunsa ngati zili m'magazi. Akuti iwo safuna adzukulu akugwa."

Ndinagwira mwendo wa mpando mwamphamvu. Ndinati, "Adotora ananena kuti si misala, si khunyu. Ananena kuti nzeru zanga zili zonse."

"Ananena kwa ndani, achimwene?"

"Kwa ine."

"Panali ndani wina?"

 Iye anayang'ana pansi nkupitiriza. Anati chinkhoswe chake ndi chija tinabwera nacho kuchokera ku Malawi, chophimba atsikana ndi nsalu kuti mkamwini asankhe wake, ndipo mukudziwa mmene anthu amasekera akavundukula gogo wopanda mano. Anati nthawi imeneyo malume amakhala chiimire pakati pa bwalo, nkhuku yaikazi m'manja, kudikira kusinthana ndi tambala wa kuchimuna. Anati, "Mukagwa ndi nkhuku m'manja, achimwene, pamaso pa anthu aja, mwana wanga sakwatiwa. Ndiponso msuweni wathu adzakhalapo, sitingamuletse." Anati agwirizana kuti aime mng'ono wathu, amene amakhala ku Lichinga, amene mwanayo samudziwa nkomwe bwinobwino.

Mwana ameneyo ndinamunyamula ine pa njinga kupita naye kuchipatala ali ndi malungo, mvula ikugwa. Bambo ake atathawa, amene anamugulira yunifolomu ndine. Dzina lake ndinamutcha ndine. Amanditcha amalume, koma amadziwa kuti bambo ake ndi ndani.

Ndinafuna kukalipa. Ndinamva khosi likuyamba kulemera, ndiye ndinameza. Ndinangoti, "Ndamva, achemwali." Anachoka akulira, ine ndili gwa pampando ngati munthu amene sizikumukhudza.

Adotora anaimbapo foni kamodzi. Anali osangalala. Anati anaonetsa chithunzi changa pamsonkhano wa madotolo kunja, anthu anafunsa mafunso ambiri, ndipo tsopano awapatsa ntchito yaikulu yoti apitirize kufufuza. Anati nkhope yanga anaiphimba, ndisadandaule, palibe angandizindikire. Ndinati, kunjako ndani akundidziwa? Nkhope yofunika kuphimba inali ya ku Mandimba! Ndinayamba kuwauza za msika, za maliro, za chinkhoswe. Mawu anakwera, dzanja linafooka, foni inagwera m'fumbi. Ndili pansi ndinkawamva akuti, "Alo? Alo? Bambo?" kenako anadula. Mwina anaganiza kuti ndi netiweki. Munthu amene amadziwa matenda anga kuposa aliyense padziko, osazindikira chimene chachitika. Ndikaimba tsopano imangolira.

Ndi chifukwa chake ndikulemba. Polemba ndimakhala pansi, msana kukhoma. Mkwiyo ukafika cholembera chimagwa, ndimadikira, ndimatola, ndimapitiriza. Apa pokha ndi pamene ndingakalipe mpaka kumaliza.

Sindikuti ntchito yawo ndi yoipa. Mnyamata womva mawu uja mwina anathandizidwa, sindikudziwa. Afufuze tulo mpaka akalambe, makoswe alipo ambiri. Koma ine sindinali khoswe. Ndinali ndi mudzi wobwererako. Anandifunsa mafunso ambirimbiri: ndimalota chiyani, ndimadzuka kangati, ndimaiwala zotani. Funso limodzi sanafunse: bambo, chinthu ichi mwachibisa bwanji zaka zonsezi, ndipo chikaululika mudzataya chiyani? Ndipo pamene ndinawauza osafunsidwa, anagwira phewa langa ngati la mwana.

Ndiye inu adotora, ngati mawu awa adzakupezani, mvetserani. Mankhwala ndasiya kudikira. Kupepesa kwa pafoni sindikufuna. Galimoto imene munatumiza kukatenga msuweni wanga ikudziwa njira ya ku Mandimba, ndipo kuchoka apo kufika ku Ngauma aliyense akulozerani kwa bambo wa magetsi. Mubwere fodya asanathe kugulitsidwa. Mukhale pamphasa pabwalo la mlongo wanga, a kuchimuna a ku Cuamba ali pomwepo, azakhali aja ali kutsogolo, msuweni wanga ali pomwepo. Munene mokweza zimene munandiuza pakhonde tili awiri: kuti si misala, si khunyu, kuti mtsikanayo alibe chilema, kuti nzeru zanga zili zonse. Ndipo mubweze mawu amene munauza chitsiru chija. Munene kuti munalakwitsa, kuti munthu ali pansi amamva zonse, ndipo zimapweteka. Mukatero muime pambali panga, pamene mkazi wanga wakhala akuima zaka zonsezi, ine ndigwire nkhuku ya mwana wa mlongo wanga ndi manja anga. Ndikagwa nayo, mufotokoze inuyo. Munandigwetsa ndinu, bwerani mudzandiimiritse.